Kodi Nyumba Yakale Isungidwe Chifukwa cha Yani?

Tsiku lina m'chigawo chathachi, pamene tinali kuyamba kuwerenga sewero la William Shakespeare, aphunzitsi athu a Chingelezi analowa m'kalasi ndi chithunzi chimodzi, nachipereka kwa wokhala kutsogolo kuti chiyende m'mabenchi onse. Chinali chithunzi cha nyumba yosanja, ya mitengo yoonekera kunja ngati nthiti za ng'ombe yoonda, ndipo m'mipata ya mitengoyo munali momata. Aphunzitsi anati, "Munthu amene akusautsani ndi Chingelezi chakeyu anabadwira m'menemu." Kalasi yonse inafa nacho chikhakhali. Mnzanga amene ndikhala naye benchi imodzi anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, nyumba iyi ndi ya agogo anga ndithu. Kani Azungu nawonso amamata?"

Ine ndinaseka nawo, koma kuseka kwanga sikunapite patali. M'mwezi womwewo uthenga unali utandipeza wochokera kwathu wakuti amalume atsimikiza mtima kugwetsa nyumba ya malemu agogo anga aamuna, imene iri pamsika wa kwathu, kuti amangepo golosale ya njerwa. Nyumba imeneyo ndi ya mitengo yomata. Tsono chithunzi chija chinandikhala m'mutu, ndipo ndinayamba kufunafuna mbiri ya nyumba ya ku England ija m'laibulale ndi kwa aphunzitsi. Zimene ndinapeza zandipatsa maganizo amene ndifuna kuika pamaso panu, anzanga. Maganizo anga ndi awa: Angelezi anachita bwino kusunga nyumbayo, koma chifukwa chimene anaisungira poyamba chinali choperewera. Nyumba yakale iyenera kusungidwa kaamba ka luso la amisiri amene anaimanga ndi moyo wa anthu amene anakhalamo, osati kaamba ka dzina la munthu mmodzi wotchuka lokha ai.

Poyamba ndikuuzeni za nyumbayo. Iri mu msewu wa Henley Street, m'tauni ya Stratford-upon-Avon, m'chigawo cha Warwickshire. Tauni imeneyi inayalidwa mu 1196 ndi bishopu wa ku Worcester, amene anagawa malo m'mapuloti opapatiza kumsewu koma otalika kumbuyo, pafupifupi mamita 18 m'lifupi ndi mamita 60 m'litali. Anachita dala zimenezi kuti amalonda ambiri akhale ndi khomo loyang'ana kumsewu. Chifukwa chake nyumba za m'tauni yotere zinali zogundana khoma ndi khoma, kutsogolo kuli malonda, kumbuyo kuli bwalo la ntchito ndi dimba.

Atate a William, a John Shakespeare, anali mmisiri wosoka magolovesi a chikopa, ndiponso anali kugulitsa ubweya wa nkhosa. Dzina lao lipezeka koyamba mu msewu umenewu mu 1552, ndipo lipezeka pa mlandu wochititsa manyazi: anawalipitsa shilingi imodzi chifukwa chounjika dzala pafupi ndi khomo lao. Anagula nyumba mu msewuwo mu 1556, nakwera pang'onopang'ono mpaka anakhala mkulu wa tauni mu 1568. William anabatizidwa pa 26 Epulo 1564, ali mwana wachitatu mwa ana asanu ndi atatu. Banja lonselo linali kugona, kudya ndi kugwira ntchito pansi pa denga limodzi, pakuti chipinda chosokeramo zikopa chinali m'nyumba momwemo, kutsidya kwa kanjira kodutsa pakati kuchokera kumsewu kunka kubwalo.

Tsono timve mamangidwe ake, pakuti apa ndi pamene pagona nkhani yanga. Amisiri a matabwa a masiku amenewo anali kugwiritsa ntchito mtengo wolimba umene Angelezi autcha oak, umene unali wochuluka m'nkhalango ya Arden pafupi ndi tauniyo. Anali kuusema ukali wauwisi, popeza ukauma ulimba kotero kuti nkhwangwa ndi tchizulo zibuntha msanga. Mitengo yonse anali kuikonzera pabwalo la mmisiri, naiyala pansi khoma limodzi limodzi kuti aone ngati ikumana bwino. Kunsonga kwa mtengo umodzi anali kusema lilime, ndi pa unzake anali kukumba mphako yolowamo lilimelo, monga achitira akalipentala athu popanga chitseko kapena mpando. Atalowetsa, anali kukhomera chikhomo cha mtengo womwewo. Mabowo a chikhomocho anali kuwaboola mophonyana pang'ono, kuti chikhomo polowa chikoke mitengo iwiriyo ndi kuimangitsa. Chigoba chonse cha nyumba chinali kuima ndi zikhomo zamtengo, popanda misomali yachitsulo. Asanamasule mitengoyo kuti aitutire kumalo omangako, anali kudinda manambala a Chiroma ndi tchizulo pa mfundo iriyonse kuti asasokoneze poimika, ndipo zizindikiro zotere zikali kuoneka m'nyumba zambiri zakale za ku England.

Nzeru ina yaikulu inali yakuti mitengo isakhudze nthaka. Anali kuyamba amanga kakhoma kakafupi ka miyala, nagoneka mtanda waukulu pamwamba pake, ndipo nsichi zonse zinali kuimirira pa mtandawo. Miyala ya pansi pa nyumba ya ku Henley Street inachokera ku Wilmcote, mudzi wa kwao kwa Mary Arden, amai a William. Ife kuno tizika nsichi m'nthaka, ndipo chiswe ndi chinyontho ziyamba ntchito yao tsiku lomwelo. Apa ndi pamene mamangidwe athu asiyana ndi ao. Koma m'mipata ya pakati pa mitengo, mnzanga uja sananame. Anali kuimikamo timitengo tong'amba, nalukamo nthambi zofewa za mtengo wa hazel monga ife tiluka nkhokwe ndi nsungwi. Pambuyo pake anali kuponda dothi losakaniza ndi udzu, ubweya ndi ndowe, namata mkati ndi kunja, napaka njereza. Inde, Azungu amamata.

Mukayang'anitsitsa chithunzi cha nyumbayo muona kuti m'chisanja chapansi nsichi ziri zothithikana, pamene m'chisanja chapamwamba mitengo yapanga timabokosi tatikulu. Mitengo inali ya mtengo wapatali, tsono munthu wothithika nsichi kumbali yoyang'ana kumsewu anali kuonetsa kuti m'thumba muli kanthu. Ndaphunziranso kuti maonekedwe a mitengo yakuda bii ndi makoma oyera mbee, amene tiona m'zithunzi zambiri za nyumba za Angelezi, anafala makamaka m'zaka za m'ma 1800 pamene anthu anayamba kupaka mitengo phula. Oak wosapaka kanthu atuwa yekha ndi dzuwa ndi mvula.

Mdani wamkulu wa nyumba zotere anali moto. Stratford inapsa koopsa mu 1594 ndi mu 1595, inapsanso mu 1614, ndipo nyumba zambirimbiri zinatha psiti, popeza zinali zogundana ndi zofolera ndi udzu. Pambuyo pake akuluakulu analamula kuti madenga a m'tauni akhale a mapale oumba. Nyumba ya a John Shakespeare inapulumuka pa ngozi zonsezi.

A John atamwalira mu 1601 nyumbayo inagwa m'manja mwa William, amene pa nthawiyo anali atagula kale nyumba ina yaikulu yotchedwa New Place. Gawo lalikulu la nyumba ya atate ake linabwerekedwa, nilisanduka nyumba ya alendo ndi mowa yotchedwa Maidenhead, imene pambuyo pake inatchedwa Swan and Maidenhead. Mlongo wake Joan Hart anakhala m'gawo laling'ono mpaka imfa yake mu 1646, ndipo pambuyo pake nyumbayo inakhala ya zidzukulu za banja la Hart kufikira 1806 pamene anaigulitsa kwa Thomas Court. Mbali ina inakhala butchala. Eni ake anachotsa timadenga tosongoka ta mazenera a m'mwamba, ndipo kumaso kwa nyumba ya alendo ija anamangako khoma la njerwa zofiira kuti ioneke yamakono.

Taonani, anzanga, kuti kwa zaka zoposa 200 chimwalirire William mu 1616, panalibe lamulo kapena bungwe losunga nyumba imeneyi. Anaisunga ndi anthu wamba, ogulitsa mowa ndi ogulitsa nyama, chifukwa anali kukhalamo ndi kupezamo chakudya. Denga likadontha anali kukonza, khoma likagamuka anali kumata. Sanali kuchita zimenezi polemekeza mbiri, koma pofuna kuti asanyowe.

Alendo anayamba kuchuluka makamaka kuyambira mu 1769, pamene David Garrick, katswiri wa masewero, anachititsa chikondwerero chachikulu cha Shakespeare m'tauniyo. Anthu anali kudzaona chipinda chapamwamba chimene chikhulupiriridwa kuti ndimo anabadwira William, ndipo ambiri anakanda maina ao pa magalasi a zenera. Dzina la Walter Scott ndi la Thomas Carlyle ali pomwepo. Ife tikakanda dzina pa benchi tilandira chibalo, koma akakanda munthu wotchuka, galasilo lisungidwa ngati chuma.

Mu 1847 nyumbayo inaikidwa pa malonda. Mphekesera inali itamveka yakuti P. T. Barnum, munthu wa zionetsero wa ku America, afuna kuigula, aimasule, naitumize kwao pa chombo. Musaganize kuti zinali zosatheka iai. Nyumba yogwirana ndi zikhomo itheka kumasulidwa: ungogulula zikhomo, nulemba manambala pa mitengo, nukaimika kwina. Angelezi anagwidwa ndi manyazi, nayamba kusonkha ndalama ku Stratford ndi ku London, ndipo pa 16 Sepitembala 1847 anaigula pa okushoni ndi mapaundi 3,000. Charles Dickens anali mmodzi wa anthu otchuka amene anathandiza ntchito yosonkhera nyumbayi ndalama. Bungwe limene linabadwa pamenepo, la Shakespeare Birthplace Trust, linakhazikitsidwa ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo mu 1891, ndipo ndilo lisamala nyumbayo kufikira lero.

Kufikira apa ndiwaombera m'manja. Koma mverani zimene zinachitika kuyambira mu 1857 mpaka 1864, pamene anali kukonza nyumbayo. Anagumula khoma la njerwa lija. Anamanganso timadenga titatu tosongoka ndi kakhonde ka pakhomo, potsata chithunzi chojambula pamanja chimene chinasindikizidwa mu 1769. Mitengo ina yoola anaichotsa naikamo yatsopano. Koposa zonse, anagwetsa nyumba zoyandikana nayo kumanja ndi kumanzere, poopa kuti moto ungayambe m'menemo ndi kudumphira pa nyumba ya Shakespeare. Kotero nyumba imene inali mu mzere wa zinzake, yogundana nazo monga ziyenera kukhalira nyumba za m'tauni, lero iima payokha ndi dimba la maluwa kumbuyo kwake.

Sindikana kuti mantha a moto anali oona, pakuti tauniyo inali itaona kale zakuda. Koma chimene chindiwawa ine ndi muyeso umene anayesera. Nyumba imodzi inapatsidwa moyo chifukwa munabadwira wolemba masewero, ndipo zinzake zinaphedwa chifukwa munabadwira anthu opanda dzina. Pochotsa butchala ndi khoma la njerwa anafafaniza mbiri ya anthu omwe aja amene anasunga nyumbayo zaka 200. Mlendo wa lero aona nyumba yokongola, koma mbali ina ya zimene aonazo ndi ntchito ya amisiri a m'zaka za m'ma 1800 amene anali kuganizira m'mene nyumba ya Shakespeare ikadaonekera. Ndipo ngakhale pa nyumba yeniyeniyo, dzina limene litchulidwa ndi la mwana amene anabadwiramo. Kalipentala amene anasema malilime ndi kukhomera zikhomo, amene ntchito yake yaima zaka zoposa 450, satchulidwa m'kalasi iriyonse.

M'tauni momwemo muli chitsanzo china. Mu msewu wa High Street muli nyumba yopapatiza ya zisanja zitatu, yomangidwa mu 1596 pambuyo pa moto waukulu uja ndi Thomas Rogers, wogulitsa nyama wolemera. Kumaso kwake konse ndi kosemasema maluwa ndi mitu, ndipo chaka chomangira chiri chosemedwa pa mtengo. Kunena za luso, iposa nyumba ya Shakespeare kutalitali. Koma inakonzedwa ndi kutsegulidwa kwa anthu mu 1909, mwa khama la Marie Corelli, mai wolemba mabuku, ndi ndalama za Edward Morris wa ku Chicago, makamaka chifukwa mwana wamkazi wa Rogers, Katherine, anali amai a John Harvard, amene dzina lake linapatsidwa kwa yunivesite yotchuka ya ku America. Lero itchedwa Harvard House. Amene anaimanga ndi Rogers, koma dzina ndi la mdzukulu wake.

Mwamwai, pakati pa Angelezi omwewo panabuka anthu amene anaona cholakwa chimenechi. Mu 1877 William Morris ndi anzake anayambitsa bungwe loteteza nyumba zakale, la Society for the Protection of Ancient Buildings. Iwo anaphunzitsa kuti nyumba yakale isamalidwe tsiku ndi tsiku, ikonzedwe pokhapo paonongeka, ndipo zimene mibadwo yosiyanasiyana inaonjezapo zilemekezedwe, m'malo mozipala kuti nyumbayo ioneke monga tiganizira kuti inaonekera poyamba. Mu 1903 Marie Corelli yemwe uja anautsa mkangano waukulu pokana kugwetsedwa kwa tinyumba tina takale ta mu Henley Street pamene panali maganizo omanga laibulale, ndipo tina mwa tinyumbato tinapulumuka.

Boma linatsata pambuyo mochedwa. Lamulo loyamba la 1882 linali kuteteza makamaka miyala ndi manda a anthu amakedzana, osati nyumba zokhalamo. Mabomba a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse atagumula matauni ambiri, malamulo a 1944 ndi 1947 anayambitsa mndandanda wa nyumba zoyenera kutetezedwa. Akulu anati chitsime chidziwika kuya chikaphwa. Lero mndandanda wa ku England uli ndi nyumba ndi zomangidwa zina zoposa 370,000, zogawidwa m'magulu atatu. Nyumba ya ku Henley Street iri m'gulu loyamba, m'mene mulowa nyumba ziwiri kapena zitatu zokha pa 100 ziri zonse za pa mndandandawo. Mwini nyumba yolembedwa sangathe kuigwetsa kapena kusintha maonekedwe ake, kunja ngakhale mkati, popanda chilolezo, ndipo wophwanya lamuloli akhoza kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri.

Chimene chandikondweretsa m'malamulo amenewa ndi chakuti safunsa ngati munabadwira munthu wotchuka. Nyumba yomangidwa chisanafike chaka cha 1700, imene yasunga maonekedwe ake akale, kawirikawiri ilowa pa mndandanda ngakhale munakhala wosoka nsapato. Ndiponso lamulo la 1967 linalola kuteteza dera lathunthu, misewu ndi mizere ya nyumba pamodzi, ndipo tauni ya Stamford inali yoyamba kulandira chitetezo chotere. Malamulo a lero akadakhalapo mu 1857, ogwetsa nyumba za mu Henley Street akadayamba apempha chilolezo. Angelezi anatha zaka zoposa 100 kuti afike pa nzeru imeneyi. Ife tiri ndi mwai woiphunzira m'chigawo chimodzi cha sukulu.

Aphunziranso kuti lamulo lokha silisunga mtengo. Nyumba zambiri za mitengo zinaonongedwa ndi anthu ofuna zabwino, amene anamata mipata ndi simenti poganiza kuti alimbitsa. Simenti siilola chinyontho kutuluka. Madzi akalowa pa mng'alu akhala m'menemo, mtengo nuyamba kuola, ndipo tizirombo tonga anankafumbwe tiufumbwa mkati. Dothi ndi njereza zimamwa madzi ndi kuwatulutsanso dzuwa likawala. Chifukwa chake osamala nyumba zotere abwerera ku njira zakale, ndipo achinyamata aphunzitsidwanso kusema malilime, kuluka nthambi ndi kuponda dothi. Luso likafa, nyumba ifa nalo pamodzi, ngakhale dzina lake litalembedwa m'buku la boma.

Tsono mnzanga wa pabenchi uja, nditamfotokozera zonsezi, sanagonje msanga. Anati, "Iwe, ukadapanda Shakespeare ndani akadatulutsa mapaundi 3,000 kugula butchala yoola? Dzina ndilo linasonkha ndalama, ndipo dzina ndilo likoka alendo amene alipira pakhomo kufikira lero." Mau amenewa ndi oona, ndipo sindingawatsutse. Dzina lotchuka litsegula matumba. Koma ine nditi dzina likhale khomo lolowera, lisakhale muyeso wosankhira nyumba zoti zife ndi zoti zikhale. Mlendo amene wadza chifukwa cha Shakespeare aonetsedwenso zikhomo ndi mitanda, auzidwenso za wogulitsa nyama. Tikati tisunge nyumba za anthu otchuka zokha, adzukulu athu adzaganiza kuti kale kunali mafumu ndi olemba mabuku okhaokha, ndipo sadzadziwa m'mene munthu wamba anagonera ndi kugwirira ntchito.

Anatinso, "Zimenezo ndi za maiko olemera. Ife tifuna nyumba za njerwa ndi malata. Kodi ufuna kuti anthu azigona m'nyumba zodontha kuti iwe uzikondwera poziyang'ana?" Apanso ndivomera theka. Sindifuna kuti munthu aliyense akhale m'nyumba yoipa chifukwa cha kukonda zakale kwa mwana wa sukulu. Agogo anga aakazi anasamukira kale m'nyumba ya njerwa imene ana ao anawamangira, ndipo ndiyamika. Sinyumba iriyonse yakale imene ingasungidwe, makamaka zathu za nsichi zozika pansi. Koma pakati pa kusunga zonse ndi kugwetsa zonse pali njira. Pamsika uliwonse ndi pa mishoni iriyonse pakhoza kusankhidwa nyumba imodzi kapena ziwiri zomangidwa bwino, nizipatsidwa ntchito ina kuti zisakhale bwinja. Ndipo imene siingapulumuke iyenera kuyesedwa, kujambulidwa ndi kulembedwa mbiri yake isanagwe.

Ngakhale kuno kwathu matenda a dzina alipo. Nyumba ya Mandala ku Blantyre, yomangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, itetezedwa ndi lamulo monga chuma cha dziko, ndipo nkoyenera. Tonse tinamva kuti dzinalo linachokera ku mandala a m'maso a John Moir. Koma maina a anthu akuda amene anaponda dothi, kuumba zidina ndi kusenza mitengo ya nyumbayo sitiwamva. Ndipo ngati nyumba ya kampani yaikulu iiwala amisiri ake, nanga nyumba ya telala wa pamsika idzakumbukidwa ndi yani?

Agogo anga aamuna anali telala. Nyumba yao iri ndi zipinda zitatu ndi khonde lalikulu loyang'ana kumsewu, pamene anali kukhala ndi makina ao osokera. Nsichi za m'ngodya ndi mizati ya khonde ndi za muwanga, mtengo umene chiswe chiulephera, ndipo mbariro zake zinamangidwa ndi luzi. Poyamba inali ya udzu, malata anadza pambuyo. Amai anga ndi amalume anabadwira m'menemo, ndipo mayunifomu a ana a sukulu a m'midzi yonse yozungulira anasokedwa pakhonde pamenepo. Palibe munthu wotchuka amene anatulukamo. Poyesa ndi muyeso wa 1847, iyenera kugwa popanda wolira. Koma ndi nyumba ya mmisiri, yogona ndi yogwirira ntchito pamodzi, yoyang'ana kumsewu, monga momwe inaliri nyumba ya wosoka magolovesi uja mwana wake asanatchuke.

Ndinalembera amalume kalata. Sindinawatsutse, pakuti ine ndine mwana ndipo iwo ndiwo eni mbumba, ndiponso golosaleyo ndi imene idzathandiza kulipira fizi yanga. Ndinangowapempha zinthu ziwiri. Choyamba, aganizire ngati golosale singamangidwe pambali, ndi nyumba ya agogo kukhala mosungira katundu kapena kubwereketsa kwa telala wina. Chachiwiri, ngati zimenezo zakanika, andidikire kufikira tchuthi kuti ndikayese makoma, ndikajambule mamangidwe ake, ndi kufunsa agogo aakazi maina a anthu amene anadula mitengo ndi amene anamata. Yankho lao lafika sabata yatha. Pa choyamba ati aonana ndi abale ao, ndipo sanalonjeze kanthu. Pa chachiwiri avomera, popeza njerwa sadzaotcha mpaka anthu atakolola. Aonjezanso kuti mizati ya muwanga ija sadzaiwaza nkhuni, koma adzaisunga.

Pomaliza ndipempha anzanga onse, makamaka a m'kalabu ya mbiri yakale, kuti pa tchuthi chikudzachi aliyense afune nyumba yakale koposa ya kwao, kaya ndi sitolo, kaya ndi tchalitchi, kaya ndi nyumba ya agogo. Tengani kope ndi pensulo. Yesani m'litali ndi m'lifupi, onani mtundu wa mitengo ndi m'mene inalumikizidwira, ndipo funsani akuluakulu kuti anaimanga ndani ndi chaka chiti. Lembani dzina la mmisiri pamwamba pa tsamba. Tikabwera tidzasonkhanitse zonse, ndipo ngati a Mkonzi adzatilola, tidzaike zina m'magazini ya chaka chamawa. Mnzanga wa pabenchi uja wati adzapita nane kwathu, ndipo walonjeza kubwereka tepi yoyezera ya atate ake, amene ndi kalipentala.

Wophunzira wa Fomu 3